Kupanga pedal ya fuzz m'chitini, ndi kuifufuza ikakana kulira

Aliyense amene anakulira pafupi ndi wailesi ya mabatire amadziwa mmene imalirira mabatire akayamba kutha. Mawu amasasa, amanyenyeka m'mphepete, ng'oma imamveka ngati munthu akung'amba chiguduli. Kwathu zikatero agogo ankalamula kuti mabatire akayanikidwe padzuwa. Koma kwa oimba gitala ambiri kusasa komweko ndi chuma, mpaka amakugula ndi ndalama. Amakutcha fuzz. Kampani ya Gibson inayamba kugulitsa kabokosi kotulutsa mawu otere mu 1962, dzina lake Maestro FZ-1, ndipo mu 1966 ku London kunatuluka Fuzz Face, yozungulira ngati mbale, yokhala ndi ma transistor awiri okha. Mukamvera magitala a Zamrock, nyimbo za rock zimene anyamata a ku Zambia ankaimba m'zaka za m'ma 1970, kukhakhala kuja ndi komweku.

Kabokosi kotere, kolumikizidwa pakati pa gitala ndi amplifaya, amakatcha pedal. Yathuyi ndi yosavuta kuposa pamenepo. Seketi yake imadziwika ndi dzina loti Bazz Fuss: transistor imodzi, diode imodzi, resistor imodzi, ma capacitor awiri ndi chopotokola cha voliyumu. Basi. Siimba mwaulemu ayi. Imalira ngati sipika yong'ambika, ndipo chingwe chikamatha kunjenjemera mawu sazimirira pang'onopang'ono, amangoti thethethe n'kuduka.

Apa ndi pamene pali chovuta chake. Chipangizo chimene ntchito yake ndi kuipitsa mawu chimavuta kuchizindikira chikadwala, chifukwa uve wofunika ndi uve wa matenda zimafanana. N'chifukwa chake sitimanga zonse nthawi imodzi. Timamanga pang'ono, n'kumvera, n'kuwonjezera china, n'kumveranso. Chikalakwika mumadziwa kuti ndi chimene mwangoikacho.

Zofunika kusonkhanitsa

Transistor ya mtundu wa NPN: 2N5088, 2N3904, BC547, BC548, C945, C1815 kapena S9014, iliyonse imene mwaipeza.
Diode ya 1N4148 kapena 1N914, kagalasi kofiirira kokhala ndi mzere wakuda mbali imodzi.
Resistor ya 100k, mizere yake bulauni, wakuda, wachikasu. Tenganinso ya 1M, ya bulauni, wakuda, wobiriwira, ndi ya 4.7k ngati mukufuna kanyali ka LED kosonyeza kuti pedal yayaka.
Capacitor ya 4.7uF, ija yooneka ngati kamgolo, ndi ina ya 0.1uF imene imalembedwa 104.
Chopotokola cha 100k, makamaka cholembedwa A100K.
Ma jack awiri, mabowo olowetsamo pulagi ya chingwe cha gitala, mmodzi wa stereo, wina wa mono.
Batire la 9V ndi kachipewa kake.
Swichi, waya, solder, ayironi yowotcherera ya 25W mpaka 40W, multimeter (mita yoyezera magetsi), ndi chitini chachitsulo chokhala ndi chivundikiro.

Zambiri mwa izi zili m'mawailesi akufa amene amaunjikana kwa amakaniko a mawailesi pamsika uliwonse. C945, C1815 ndi S9014 zimapezeka mbwee m'timawailesi ndi m'timasipika totchipa. Zulani m'zinthu zoyendera mabatire zokha. TV yakale, amplifaya kapena chilichonse cholowa kukhoma chikhoza kukhala ndi ma capacitor akuluakulu amene amasunga moto ngakhale mwazula pulagi, ndipo kumenya kwake si kwamasewera. Ma jack ndi chopotokola ndiye gulani zatsopano ngati thumba likulola, chifukwa zakale zimakhala zitadyeka m'kati.

Gawo loyamba: dziwani miyendo ya transistor yanu

Pano ndichedwapo, pakuti ambiri timagwera apa. Transistor ili ndi miyendo itatu: emitter, base ndi collector. Kunja zonse zimaoneka chimodzimodzi, kakuda kokhala ndi mbali imodzi yafulati, koma miyendo sinandandalikidwe mofanana. Igwireni mbali yafulati, yolembedwayo, ikuyang'ana inu, miyendo ikuloza pansi, muwerenge kuyambira kumanzere.

2N3904, 2N5088 ndi S9014 zimayenda emitter, base, collector. BC547 ndi BC548 zimatembenuka: collector, base, emitter. C945 ndi C1815 ndiye zachinyengo kwambiri, chifukwa base sili pakati: emitter, collector, base.

Pedal yanga yoyamba inandidyera madzulo awiri chifukwa cha zimenezi. Chojambula chimene ndinkatsatira chinali cha 2N3904, ine ndinali ndi C945 yochoka m'kawailesi ka malume. Ndinaibaya momwemo. Zii. Ndinasintha batire, ndinasintha chingwe cha gitala, ndinayamba kukayikira amplifaya imene inali bwinobwino. Tsiku lachitatu makaniko wina wa mawailesi anangoiyang'ana kamodzi, osakhudza n'komwe mita, n'kunena kuti, “Achimwene, mwendo wapakatiwu si base.” Anapinda miyendo iwiri mopingasa, n'kuveka umodzi kachikopa ka waya kuti isagundane, pedal n'kulira.

Ngati multimeter yanu ili ndi timabowo tolembedwa hFE, bayanimo transistor mbali ya NPN. Miyendo ikalowa molondola imaonetsa nambala yaikulu, mazana angapo kapena kuposa 100. Ikalowa mosemphana imaonetsa kanambala kakang'ono kapena ziro. Pa seketi iyi, nambala ikakula fuzz imanenepa.

Gawo lachiwiri: imangeni poyera, musanawotcherere

Gwiritsani ntchito breadboard, kapulasitiki ka timabowo kaja. Ngati palibe, khomani timisomali pa kathabwa n'kumangirira miyendo ya zipangizo pamenepo. Akale ankatero, ndipo dzina loti breadboard linachokera ku thabwa lodulirapo buledi.

Sankhani mzere umodzi ukhale wa 9V, wina ukhale ground, kumene kumapita waya wakuda wa batire. Kenako tsatirani izi mwadongosolo.

Emitter ipite ku ground, popanda china chilichonse pakati.

Resistor ya 100k ichoke ku 9V kufika ku collector.

Diode ikhale pakati pa collector ndi base, mbali ya mzere wakuda ili ku base. Bwerezaninso kuyang'ana. Kudzera mu diode imeneyi ndi mmene base imalandirira kamoto kakang'ono kodzutsa transistor. Mukaitembenuza, transistor imagona tulo. Diode yomweyo ndi imene imadula nsonga za mawu a gitala akakula, ndipo imadula mbali imodzi mosiyana ndi inzake. Kukhakhala kumachokera pamenepo.

Capacitor ya 4.7uF ichoke ku nsonga ya jack yolowera kufika ku base. Ili ndi mbali: mwendo wautali, wa pozitivu, upite ku base, wa kumbali yolembedwa timizere ta minus uyang'ane kugitala.

Capacitor ya 104 ichoke ku collector kufika ku mwendo wachitatu wa chopotokola. Iyi ilibe mbali. Mwendo wapakati wa chopotokola upite ku nsonga ya jack yotulukira, mwendo woyamba upite ku ground. Mukadzapeza kuti voliyumu ikukwera mukamatsitsa, sinthanitsani miyendo iwiri yam'mbaliyo, si nkhani yaikulu.

Pomaliza, thunthu la jack yolowera ndi la yotulukira onse apite ku ground. Musanawotcherere waya pa jack, lowetsanimo pulagi muone ndi maso kuti kachitsulo kati kakugunda nsonga, kati kakugunda thunthu. Malo ake amasiyana malinga ndi wopanga.

Tsitsani voliyumu ya amplifaya, lumikizani gitala, ikani batire, kwezani pang'onopang'ono. Imbani chingwe chimodzi chachikulu. Mukamva kung'ambika kuja, mwafika. Pa breadboard pamakhala kamng'ung'udzo ndithu chifukwa zonse zili pamtunda, musadandaule nako panopa.

Gawo lachitatu: ikometseni mmene khutu lanu likufunira

Ino ndiyo nthawi yosewera, zinthu zisanamatidwe. Sinthani chinthu chimodzi, mverani, lembani pa pepala.

Capacitor yolowera ndi imene imasankha kunenepa kwa mawu. Ya 4.7uF imalowetsa besi yense, mawu amakhala odzaza ngati phala lolimba. Mukaika ya 104 amayera pang'ono. Mukaika ya 103, imene ndi 0.01uF, amaonda n'kukhala ngati akutuluka m'kawailesi kam'thumba. Ine ndimakonda ya 473, ili pakatikati, chifukwa ndikaimba zingwe zitatu pamodzi zimamvekabe kuti ndi zitatu.

Diode nayo imasintha khalidwe. Kanyali kofiira ka LED m'malo mwa 1N4148, mwendo waufupi uli ku base, kamapereka mawu okwera ndi otseguka. Diode ya germanium monga 1N34A, imene imapezeka m'mawailesi akale kwambiri, imapereka mawu otsika ndi ofinyika.

Mukapeza transistor ya MPSA13, imene m'kati mwake muli ziwiri zolumikizana, chotsani resistor ya 100k muike ya 10k, ya bulauni, wakuda, olenji. Miyendo yake ikufanana ndi ya 2N3904. Imeneyo ndiye imalusa zenizeni.

Kuti mupeze kulira kwa wailesi yophimbidwa ndi bulangeti, ikani capacitor yaing'ono, yolembedwa 222 kapena 472, kuchoka ku mwendo wachitatu wa chopotokola kupita ku ground. Imameza kuthwa kwa pamwamba.

Chinthu chimodzi chokha musachinyoze: pedal iyi imafuna kukhala yoyamba, molunjika kuchoka ku gitala. Mukaiika pambuyo pa pedal ina, kapena mukaidyetsa kiyibodi, imasintha mawu, nthawi zambiri imalira mokuwa. Ena amakonda zomwezo, koma dziwani kuti si kuwonongeka.

Gawo lachinayi: kuwotcherera

Samutsirani seketi pa kabolodi ka timabowo, kadutswa kosaposa bokosi la machesi. Musaphwasule ya pa breadboard ngati muli ndi zipangizo ziwiriziwiri, idzakuthandizani poyerekeza.

Nsonga ya ayironi ikhale yoyera ndi yopakidwa solder pang'ono. Tenthetsani mwendo ndi mkuwa wa pabolodi pamodzi, kenako gunditsani solder pa mwendowo, osati pa ayironi. Masekondi awiri kapena atatu akwana. Powotcherera bwino pamawala ndipo pamakhala ngati kachulu kakang'ono kotsetsereka. Pakakhala ngati kampira kotuwa kongokhala pamwamba, sipanagwire, ndipo padzakuvutitsani mwezi wamawa osati lero. Transistor ndi diode muziike pomaliza, sizikonda kutentha kwa nthawi yaitali. Gwirani ntchitoyi pamalo opita mphepo, ndipo musambe m'manja musanagwire nsima, solder yambiri ili ndi mtovu.

Mukamaliza, yesani kabolodiko kali panja, ndi ma jack olendewera, musanakalowetse m'chitini. Kuthamanga sikufika.

Gawo lachisanu: chitini, moto ndi swichi

Amene amagula zonse amagwiritsa ntchito bokosi la aluminiyamu la Hammond 1590B. Chitini cha mabisiketi chaching'ono kapena cha masiwiti chimagwira ntchito yomweyo yotchinga phokoso lochokera kunja, kungoti n'chopyapyala. Ngati mudzaponda ndi phazi, ikani kathabwa pansi pa chivundikiro kuti chisabonyoke. Cha pulasitiki chisiyeni, chimalowetsa mng'ung'udzo wonse wa m'nyumba.

Boolani mabowo, palani utoto mozungulira bowo la jack m'kati mpaka chitsulo chiwale, kuti jack ikamangidwa chitini chonse chikhale ground. Pansi pa kabolodi ikani katoni kapena mpira wa chubu cha njinga. Miyendo yodulidwa ikakhudza chitini, zonse zimathera pomwepo.

Jack ya stereo ija ndi ya kolowera, ndipo ili ndi ntchito yobisika. Waya wakuda wa batire musaupititse ku ground mwachindunji, upite ku kachitsulo kogunda kamphete ka pulagi. Chingwe cha gitala ndi cha mono, choncho mukachilowetsa thunthu lake limalumikiza kamphete ndi ground, pedal n'kuyaka. Mukachizula, batire lapuma.

Swichi yopondera imene ambiri amagwiritsa ntchito ndi 3PDT, ya miyendo isanu ndi inayi. Iikeni miyendo yake itagona chopingasa, muone mizati itatu ya miyendo itatuitatu. Wapakati pa mzati uliwonse ndi umene umasinthana, pena wam'mwamba pena wam'munsi. Tsimikizani ndi mita musanawotcherere. Pa mzati wakumanzere, wapakati ulandire nsonga ya jack yolowera, wam'mwamba upite kolowera seketi. Pa mzati wakumanja, wapakati upite ku nsonga ya jack yotulukira, wam'mwamba ulandire mwendo wapakati wa chopotokola. Miyendo yam'munsi ya mizati iwiriyi muilumikize ndi kawaya, imeneyo ndiyo njira yolambalala pedal ikazima. Mzati wapakati ndi wa kanyali: wapakati ku ground, wam'mwamba ku mwendo waufupi wa LED, mwendo wautali wa LED kudzera mu resistor ya 4.7k kupita ku 9V. Ngati 3PDT yasowa, swichi ya miyendo isanu ndi umodzi ikwana, kanyali kokha ndiye palibe. Sikutayanso kwenikweni: seketi yonse imadya moto wosafika 0.1mA, pamene kanyali kokha kamadya pafupifupi 1.5mA.

Mukafuna kugwiritsa ntchito adaputala m'malo mwa batire, chenjerani pawiri. Ma pedal ambiri amatsatira kachitidwe ka kampani ya Boss, 9V ndipo negativu ili pakati pa pulagi. Ma adaputala a rauta ndi a ma decoder nthawi zambiri pakati pake ndi pozitivu, ndipo ambiri ndi a 12V, chikhalirecho pulagi imalowa bwinobwino. Ine ndinabayapo ya rauta, capacitor ya 100uF imene ndinaika yosefa moto inafufuma n'kuphulika phwaa, chitini chonse fungo la mankhwala. Kuyambira pamenepo ndimaika diode ya 1N4001 kapena 1N5817 pa waya wa pozitivu, mzere wake ukuyang'ana kuseketi, kenako capacitor ya 100uF kuchoka pamenepo kupita ku ground. Chachiwiri, bowo lolowera adaputala likhale la pulasitiki. Mbali yake yakunja ndi pozitivu, ndiye likakhala lachitsulo lidzagundana ndi chitini.

Ikakana kulira

Musayambe ndi kuzula zipangizo. Transistor yakufa imapezeka mwa apo ndi apo. Kawirikawiri wolakwa ndi mwendo wosemphana, ground yosafika, kapena solder.

Yambani ndi zopusa. Gitala molunjika mu amplifaya ikulira? Zingwe zonse ziwiri zili bwino? Simunasinthanitse kolowera ndi kotulukira? Zimachitika ngakhale kwa amene apanga ma pedal makumi.

Ngati pedal ikazima mawu akudutsa koma ikayaka kuli zii, kawirikawiri swichi ndi ma jack zili bwino, vuto lili m'seketi kapena ku moto. Ngati kuli zii mbali zonse ziwiri, kabolodi musakakhudze n'komwe, fufuzani ma jack ndi swichi. Onaninso ngati kachitsulo ka nsonga ya jack sikakukhudza chitini mukatseka chivundikiro. Pedal imene imalira ili chotsegula n'kufa mukaitseka, matenda ake ndi amenewo.

Tsopano tengani mita, muike pa DC 20V. Chingwe cha gitala chikhale cholowetsa kuti pedal iyake. Waya wakuda wa mita ugwire chitini, wofiira muziyenda nawo. Pamwamba pa resistor ya 100k payenera kukhala pafupifupi 9V. Pa emitter, ziro. Pa base, pafupifupi 0.6V. Pa collector, pafupifupi 1V, kuchepera kapena kuposerapo pang'ono. Ndi MPSA13 kapena LED manambala a collector amakwererapo.

Collector ikaonetsa pafupifupi 9V, transistor sikukoka moto. Onani base: ikakhala ziro, diode yatembenuka kapena sinagwire. Ikakhala nayonso pamwamba, emitter sinafike ku ground. Collector ikaonetsa ziro, mwina moto sukudutsa mu resistor, mwina kadontho ka solder kalumikiza collector ndi ground. Base ndi collector zikafanana ndendende, pali kamlatho ka solder pakati pawo kapena diode yapsa. Pomwe mukuyembekeza 1V pakakhala 0.6V, pomwe mukuyembekeza 0.6V pakakhala pafupi ndi ziro, bwererani ku gawo loyamba, ndi nkhani ya C945 ija.

Manambala akakhala bwino koma mawu palibe, londolani mawuwo ndi khutu. Tengani chingwe chakale cha gitala, dulani mutu umodzi. Waya wakunja woluka uja mumangirire ku ground ya pedal, pa waya wam'kati wotchererani capacitor ya 104, mwendo wake wotsalawo ukhale chala chanu chofufuzira. Mutu winawo ulowe mu amplifaya, voliyumu ili pansi. Mwana wa m'nyumba azikhwekhwereza zingwe za gitala, inu muzigunda malo amodziamodzi: nsonga ya jack yolowera, swichi, capacitor yolowera, collector, mwendo wachitatu wa chopotokola, wapakati, swichi, jack yotulukira. Pa base mawu amamveka otsika, n'chibadwa chake, koma pa collector ayenera kulumpha n'kukhakhala. Pamene afera, cholakwika chili pakati pa malo amenewo ndi amene mwangochokapo.

Ikalira, koma molakwika

Mng'ung'udzo waukulu wosalekeza, uja wa 50Hz wa magetsi a m'nyumba, ndi nkhani ya ground. Gwirani chitini ndi dzanja. Ukachepa pang'ono, n'zabwinobwino. Ukakula mukagwira, kapena ukakhala waukulu kuposa gitala, mwasinthanitsa nsonga ndi thunthu pa jack ina, kapena chitini sichinalumikizike. Ikani mita paja imalira zinthu ziwiri zikalumikizana, muyese ngati thunthu la jack iliyonse, chitini ndi emitter zalumikizana. Kumbukiraninso kuti fuzz imakweza chilichonse, ndiye ma pickup a single coil, mtundu wina wa timaginito ta pa gitala totola mawu a zingwe, pafupi ndi nyali ya chubu kapena chaja ya laputopu adzang'ung'udza ndithu. Tembenukani ndi gitala muone ngati zikusintha.

Kaliwu kosongoka ngati ka udzudzu nthawi zambiri ndi adaputala. Ikani batire. Kakatha, mwapeza wolakwa. Kakapitirira, onani mawaya: wolowera ndi wotulukira akagona limodzi mtunda wautali, mawu okwezedwa amabwerera kolowera n'kuyamba kuzungulira. Alekanitseni, muwafupikitse.

Kuti phu kulikonse mukaponda swichi kumachokera ku kamoto kotsalira mu capacitor yolowera. Resistor ya 1M ija ndi ya pamenepa: ichoke kolowera seketi, capacitor isanafike, kupita ku ground.

Mawu oduka n'kubwera mukagwedeza chitini ndi solder yosagwira kapena waya wothyokera m'kati mwa chikopa chake. Tengani kamtengo kotokosera m'mano muzikankha chipangizo chimodzichimodzi gitala ikulira. Pamene pachite thetheru, tenthetsaninso pamenepo.

Koma mawu oduka kumapeto, chingwe chikamafooka, asiyeni. Ndi mmene seketi iyi imalirira. Akamaduka msanga kwambiri, kwezani voliyumu ya pa gitala mpaka kumapeto, yesani batire, kapena pezani transistor ya hFE yokwererapo. Batire lofooka limawonjezera kunyenyekako, ndipo ena amasunga dala batire lakutha chifukwa cha zomwezo.

Chomaliza ndi chimene chimaseketsa. Usiku wina ndikuyesa pedal yachiwiri, nditatsitsa voliyumu ya gitala, m'sipika munayamba kumveka munthu akulankhula chapansipansi chinenero chimene sindinachimve, kenako nyimbo. Chingwe chachitali cha gitala chinasanduka eriyo, base ya transistor n'kugwira ntchito ya wailesi. Mankhwala ake ndi capacitor yaing'ono kwambiri, yolembedwa 221 kapena 471, kuchoka kolowera seketi kupita ku ground, ndi kutseka chitini bwinobwino. Pa pedal ya kutchalitchi ndinaiika. Pa yakunyumba ndinaiwotcherera kudzera pa kaswichi, kuti ndikafuna wailesi ija izibwera.